TISANAITANE WOJAMBULA ZITHUNZI, TIYAMBE TALEMBA KALATA YOMVEKA

Mwezi wa Okutobala ukayandikira, kuno kwa Kambombo m'boma la Chama kumakhala piringu-piringu. Mpunga unakololedwa kale, thonje linagulitsidwa, ndipo kandalama kamene katsala m'thumba ndiko kamene anthu acitira maukwati, kumangira ziliza abale amene anatisiya, ndi kukonzekera mwambo wa Kwenje umene Asenga acita pamaso pa Mfumu Yaikulu Kambombo. Pa zocitika zonsezi masiku ano pafunika munthu wa kamera. Nkhani yanga sabata ino iri pa kakalata kamene timalemba pomuitana munthu ameneyu, cifukwa ndaona kuti madandaulo ambiri amene timamva phwando litatha, gwero lake liri m'kakalata komweko.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Zaka zingapo zapitazo banja lathu linakwatitsa mwana wa mlongo wanga, ndipo ine monga malume wake ndinapatsidwa nchito yopeza wojambula. Mnzanga wina anandipatsa nambala ya mnyamata wa ku Lundazi amene anthu anali kumutama. Ndinamulembera pa lamya mau awa: "Muli bwanji? Tiri ndi ukwati ku Chama pa Loweruka la sabata la mawa. Ndi zingati?" Iye anachula mtengo, ine ndinavomera, basi nkhani inathera pomwepo.

Mnyamata uja anafikadi pa Boma madzulo a Lacisanu, nagona kumeneko, poganiza kuti ukwati uli m'tauni momwemo. M'mawa mwake ndi pamene anamva kuti afunika kufuna-funa njinga yamoto yomufikitsa kumudzi. Pofika iye, akwati anali atavekana kale mphete. Anabwera ndi mabatire awiri cabe, osadziwa kuti kwathu kulibe magetsi, ndipo dzuwa lisanalowe kamera inali itazima. Zithunzi zimene anatipatsa zinali zokongola ndithu, koma pafupi-fupi zonse zinali za anyamata ndi atsikana ovina pamzere. Amai anga ondibala, ambuye ake a mkwatibwi, anakhala tsiku lonse pamphasa kuseri kwa nyumba pamodzi ndi amai anzao acikulire, ndipo sanaoneke pa cithunzi ngakhale cimodzi. Dzinja lotsatira tinawaika m'manda.

Ndinamukwiyira kwambiri mnyamata uja, ndipo kwa miyezi ndinali kumuneneza kwa yense wondifunsa. Koma tsiku lina ndinawerenganso uthenga wanga uja, ndipo manyazi anandigwira. Kodi ndi mau ati m'menemo amene anamuuza kuti ukwati uli kumudzi? Ndi ati amene anachula za magetsi? Nanga mlendo wocokera ku Lundazi akanadziwa bwanji kuti nkhalamba ija yovala duku yoyera kuseri kwa nyumba ndiye mwini mbumba yonse imene inali kuvina pabwalo? Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo zoona, iye anayenera kufunsa. Koma amene ndinali kudziwa zonsezi, osazinena, ndinali ine.

Cizolowezi cofunsa kuti "ndi zingati" cabe tinacitenga kutali. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikumbukira wojambula wa pa njinga yakapalasa, amene anali kuyenda mudzi ndi mudzi kamera iri m'khosi. Filimu yake inali ya zithunzi 24 kapena 36, ndipo mtengo unali wa cithunzi cimodzi-cimodzi. Munthu anali kusamba, kudzola mafuta, kubwereka wailesi kapena wochi kwa mnzake, ndi kuima njo pafupi ndi maluwa. Filimu ikadzala inali kupita kutauni kukatsukidwa, ife ndi kumadikira masabata. Pa malonda otere funso lakuti "ndi zingati" linali lokwanira, pakuti cogulidwa cinali cimodzi ndi codziwika: kapepala kamodzi, nkhope imodzi.

Filimu ija inapita. Ngakhale kampani ya Kodak ya ku America, imene dzina lake linali pa bokosi la filimu m'masitolo ambiri, inagwa m'ngongole mu 2012 anthu atatembenukira ku makamera a masiku ano. Lero wojambula angathe kudina kamera kakhumi pa mphindi imodzi osataya ngwee. Cimene atigulitsa tsopano si kapepala ai, koma tsiku lake, ulendo wake, maso ake, ndi maola amene adzakhala pa kompyuta kusankha ndi kukonza zithunzi. Zinthu zotere ziribe mtengo umodzi monga thumba la mcere. Munthu woona mtima sangachule mtengo wa nchito imene sanauzidwe kukula kwake; ndipo amene achula msanga-msanga osafunsa kanthu, ameneyo ndiye woyenera kumuopa, cifukwa adzabweza ndalama zake mwa kucepetsa nchito.

Tsono kalata yabwino iyamba ndi kunena cimene cidzacitike ndi tsiku lake leni-leni. Tisalembe kuti "Loweruka likudzali" kapena "kumapeto kwa mwezi", koma tsiku, mwezi ndi caka m'manambala. Uthenga wa pa lamya kuno kucigwa nthawi zina ufika patapita masiku awiri kaamba ka kuvuta kwa netiweki, ndipo "mawa" wa wolemba sakhalanso "mawa" wa wowerenga. Ndi bwinonso kukumbukira kuti ojambula a m'cigawo ca Kum'mawa ali ndi masiku ao otanganidwa. Kumapeto kwa Febuluwale ambiri ali ku Mtenguleni ku Nc'wala, kumapeto kwa Ogasiti ali ku Mkaika ku Kulamba, ndipo pa 24 Okutobala, tsiku la ufulu wathu, masukulu ndi maofesi awalimbirana. Wofuna wojambula pa masiku otere alembe kukali mwezi wathunthu kapena iwiri.

Za malo ndiye pamene ndifuna kukhalitsapo, pakuti apa ndi pamene ife a ku Chama tisiyana ndi anzathu a ku Lusaka. Wa ku Kabwata akati "ku chalichi cakuti-cakuti", wojambula akwera minibasi ndi kufika. Ife tikati "ku Chama" tachula boma lalikulu, la mafumu angapo, lotambalala mbali zonse ziwiri za Luangwa. Kwa Kambombo si kwa Tembwe, ndipo kwa Chikwa si kwa Chifunda. Ena a kutali asokonezekanso ndi cigawo cimene tirimo, popeza mu 2011 boma lathu linaikidwa ku Muchinga, ndipo mu 2021 linabwezedwa ku cigawo ca Kum'mawa. Kucokera ku Chipata kudzera ku Lundazi ndi ulendo wa makilomita oposa 300, ndipo si wonse umene uli wa tara wabwino. Motero m'kalata muchulidwe dzina la mfumu, dzina la mudzi, sukulu kapena cipatala cimene ciri pafupi, ndi mmene munthu acokera pa Boma kufika pamalopo. Ngati ndi nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, nenani poyera kuti mitsinje idzala ndipo galimoto ingathe kugona kutsidya. Nenaninso amene adzalipira ulendo, kumene mlendoyo adzagona, ndi amene adzamupatsa nsima. Zimenezi zioneka zazing'ono, koma ndizo zimene anthu akanganirana kuseri kwa khumbi pamene akwati akudula keke.

Ndipo musabise za magetsi. Palibe camanyazi kunena kuti kumudzi kwathu tidalira sola yaing'ono yochajira lamya. Wojambula akadziwa, adzabwera ndi mabatire okwanira ndi nyali zake. Muuzeninso ngati mwambo udzacitikira m'chalichi ca mazenera ang'ono-ang'ono, kapena pabwalo, kapena usiku. Dzuwa la Okutobala m'cigwa ca Luangwa likakhala pamutu licititsa mithunzi yakuda m'maso mwa anthu, ndipo pansi pa mtengo wa mango nkhope zituluka zamawanga-mawanga. Mmisiri wodziwa nchito, akauzidwa nthawi yake, adzakulangizani kuti zithunzi za banja lonse zijambulidwe m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Uphungu umenewu ndi waulere, koma aulandira okhawo amene afotokoza.

Pa za nthawi tinene zoona. Ngati pa khadi talemba 09:00 koma tonse tidziwa kuti mkwatibwi sadzatuluka m'nyumba isanakwane 11:00, timuuze wojambula. Timuuzenso nthawi imene tifuna kuti amalize. Ambiri a ife tiganiza kuti tikamulipira ndiye kuti ndi wathu mpaka tambala woyamba. Iye aganiza kuti nchito yake yatha mphatso zikaperekedwa.

Tsopano ndifike pa cimene cinandipweteka ine. Kalata ichule anthu amene sayenera kusowa pa zithunzi, ndipo banja lisankhe munthu mmodzi wodziwa mbumba yonse woti aziyenda ndi wojambula tsiku limenelo. Kamera ithamangira kumene kuli phokoso ndi zovala zowala. Koma mwa mwambo wathu anthu olemekezeka koposa ndiwo akhala phee kumbali: ambuye, apongozi, ankhoswe, alangizi, nyakwawa ya mudzi. Iwo sadzakankhana ndi ana kuti aonekere, ndipo ulemu suwalola kuitana mlendo kuti "tandijambulani". Akapanda kulembedwa, aiwalika. Patapita zaka makumi awiri palibe amene adzafuna kuona mmene keke inalili. Adzukulu adzafunsa nkhope za anthu amenewa.

Cimodzi-modzinso kalata inene zimene siziyenera kujambulidwa. Ziripo mbali za ukwati ndi za cinamwali zimene ndi za m'nyumba, za amai okha-okha, ndipo kamera iribe malo m'menemo. Pa mwambo wa mfumu monga Kwenje, mlendo sangoyamba kuloza kamera kumene afuna. Ayamba waonana ndi nduna ndi akulu oyendetsa mwambo. Pa maliro ndi pa ciliza mabanja asiyana maganizo, ena alola ena akana. Wojambula wocokera kutauni sangalote malire amenewa. Kumuuza pa tsiku lomwelo, pamaso pa anthu, ndi kumucititsa manyazi. Kumuuza m'kalata ndi kumulemekeza.

Nanga tidzalandira ciani, ndipo liti? Apa ambiri tingoti "zithunzi", osadziwa kuti liu limeneli lero litanthauza zinthu zosiyana. Kodi ndi zotsukidwa pa pepala, zingati, ndipo zazikulu motani: za saizi ya positikadi, masentimita 10 kwa 15, kapena zazikulu zopacika pa cipupa? Kodi ndi za m'buku la zithunzi? Kapena ndi za pa fulashi kapena memori kadi? Cenjerani ndi lonjezo lakuti "ndidzakutumizirani pa WhatsApp". Cithunzi cotumizidwa mwa njira ya masiku onse pamenepo cicepetsedwa kuti ciyende msanga. Pa lamya cioneka bwino, koma mukafuna kucikulitsa pa pepala nkhope zisungunuka. Pemphani kuti mupatsidwe zithunzi zathunthu monga zinatulukira m'kamera, ndipo funsani kuti iye adzasunga zake kwa miyezi ingati, cifukwa lamya zigwa m'madzi ndipo mafulashi asowa. Ine ndikali wa cikale pa nkhani iyi: zithunzi khumi za pa pepala ziri m'sutukesi ya amai ziposa mazana asanu a m'lamya ya mnyamata amene mawa adzaigulitsa.

Tsiku loperekera zithunzi lilembedwe, pamodzi ndi njira imene zidzafikira kwa Kambombo. Ku Lusaka kuli situdiyo yakale yochedwa Fine Art Studios. Sana Ginwalla anapeza kumeneko zithunzi mazana-mazana za zaka zakale zimene eni ake sanabwere kudzatenga, ndipo pa izo anayambitsa nkhokwe ya zithunzi yochedwa Zambia Belonging. Lero zithunzizo zasanduka cuma ca dziko, pakuti zitionetsa mmene makolo athu anali kubvalira ndi kudzionetsera. Koma ine ndikaziganizira ndiona cina: ciriconse ca izo ndi munthu amene anasamba, nabvala zabwino zake, naima pamaso pa kamera, koma cithunzi cake sicinafike kunyumba. Ngati zinali kutero kwa anthu okhala mu mzinda womwewo ndi situdiyo, kuli bwanji ife amene wojambula wathu akhala ulendo wa tsiku lathunthu?

Za ndalama ndinena mwacidule. Mtengo ulembedwe m'manambala, ndi cilembo ca K patsogolo. Cicokereni mu 2013, pamene kwacha yathu inacotsedwa maziro atatu, liu lakuti "pini" lasanduka msampha: kwa ambuye "faifi pini" ndi K5, kwa mnyamata wa m'tauni ndi K5,000. Funsani za cikole, kuti ndi zingati ndipo zibwezedwa kapena ai ngati ukwati wasinthidwa tsiku. Funsaninso cimene cidzacitike iye akadwala. Mukatumiza ndalama pa lamya, uthenga wotsimikiza uja musaufafanize, ndiwo lisiti lanu. Ndipo musamalize kulipira zonse zithunzi zisanafike m'manja.

Pali kanthu kenanso kamene makolo athu sanakadziwe. Wojambula wa lero aonetsa luso lake pa Facebook kuti apeze makasitomala ena, ndipo mungadzadzidzimuke kuona nkhope ya mwana wanu kapena misozi ya mlamu wanu pa ciliza iri pamaso pa dziko lonse. Dziko lathu liri ndi lamulo la 1994 loteteza nchito za amisiri, zithunzi ziri momwemo, ndiponso lamulo la 2021 loteteza mbiri ya munthu payekha. Koma ndani wa kwa Kambombo adzapita kukhoti kaamba ka cithunzi? Capafupi ndi kulemba mzere umodzi: tilola, kapena sitilola.

Kalata yonseyi siifuna masamba atatu. Nayi imene ndikanalemba ine ndikanakhala ndi nzeru za lero:

"Bambo, ndikupatsani moni. Ndine malume wa mkwatibwi, ndipo ndine amene mudzapangana naye pa zonse. Tifuna wojambula pa ukwati umene udzacitika pa tsiku lakuti-lakuti m'mudzi wakuti, kwa Mfumu Yaikulu Kambombo, kunja kwa Boma la Chama. Mapemphero adzayamba 10:00 m'chalichi camdima pang'ono, madyerero adzakhala pabwalo mpaka 18:00. Tiyembekezera anthu ngati 200. Kuno kulibe magetsi. Tidzakutengani pa Boma ndi njinga yamoto dzulo lake, ndipo malo ogona ndi cakudya ndi zathu. Tifuna maka-maka zithunzi za akulu a mbali zonse ziwiri, mphwanga adzakuonetsani. Za m'nyumba ya alangizi sizijambulidwa. Tifuna zithunzi 40 za pa pepala, ziwiri zazikulu, ndi zonse pa fulashi, pasanathe masabata atatu. Sitilola kuti ziikidwe pa Facebook. Conde tiuzeni ngati tsikuli muli omasuka, mtengo wonse pamodzi ndi ulendo, cikole cimene mufuna, ndipo titumizireni zithunzi za ukwati umodzi wathunthu umene munajambula kumudzi."

Mzere wotsirizawo musausiye. Aliyense angathe kuonetsa zithunzi zisanu zabwino. Ukwati wathunthu ndiwo uonetsa ngati munthu adziwa kujambula m'mdima, ndiponso ngati maso ake aona nkhalamba. Kalatayo ilembedwe m'Cisenga, m'Citumbuka, m'Cinyanja kapena m'Cingerezi, ziribe kanthu, malinga onse awiri amvana. Cingerezi cothyoka colembedwa pofuna kuoneka wophunzira casokoneza mapangano ambiri koposa Cisenga comveka.

Ndidziwa kuti ena a inu, awerengi, mudzatsutsa. Mudzati ife ndife anthu a pakamwa, ndipo kulembera munthu zonsezi kuli ngati kumuyesa wakuba. Koma pa malowolo sitiitana mboni kodi? Pogulitsa ng'ombe sitipita kwa nyakwawa? Makolo athu sanali kupangana zinthu zazikulu awiri-wiri m'mdima, ndipo kalata ingogwira nchito ya mboni pamene wina ali ku Lundazi wina kwa Kambombo. Ena mudzati tikamuuza zonse adzakweza mtengo. Mwina adzakwezadi. Koma mtengo umenewo ndiwo woona, ndipo ndi bwino kuumva kukali mwezi, pamene mungathe kucepetsa zofuna zanu kapena kufunsa wina, kusiyana ndi kuumva pa tsiku la ukwati munthu atagwira kamera yake ndi kunena kuti sajambula mpaka muonjezere. Ponena za amene sadziwa kulemba, m'mudzi uliwonse muli mphunzitsi kapena mwana wa sukulu. Ndipo uthenga wa mau wojambulidwa pa lamya nawonso ndi kalata, ngati zonse zachulidwamo ndipo wasungidwa.

Kutsutsa kumene ndikuvomera ndi kwakuti masiku ano mwana aliyense ali ndi lamya ya kamera, tsono wojambula wolipidwa ndi wa ciani? Pa phwando laling'ono la kubadwa kwa mwana, zoonadi, lamya ikwanira. Koma pa ukwati uja wa kwathu panali lamya zoposa makumi awiri, ndipo zonse zinaloza kumene inaloza kamera ya mnyamata wa ku Lundazi. Aliyense anajambula anzake. Wolipidwa asiyana ndi enawa pa cinthu cimodzi, cakuti iye angathe kutumidwa, ndipo ayenera kuyankha pa zimene anatumidwa.

Kwa inu ojambula ndinenanso mau awiri. Mukalandira uthenga wosakwanira monga unali wanga, musathamangire kuchula mtengo poopa kuti kasitomala athawa. Bwezani mafunso, ndipo pomaliza lembani mwacidule zimene mwapangana kuti mwini nchito avomere. Nchito yanu si yonyozeka. Malick Sidibé wa ku Mali anakhala zaka zambiri akujambula maphwando ndi madansi a anyamata a mu Bamako, ndipo mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice, ulemu waukulu pakati pa amisiri a dziko lonse. Zimene mujambula kwa Kambombo lero ndizo zimene ana a Asenga adzayang'ana pofuna kudziwa mmene kwao kunalili.

Ife pa ciliza ca amai tinafuna cithunzi coika m'galasi. Tinafufuza m'masutukesi a nyumba zinai, ndipo cimene tinapeza ndi cija ca pa citupa cao ca boma, cimene ambiri acichula kuti reji, cojambulidwa akali mtsikana. Tinacitumiza ku Chipata kukacikulitsa. Cinabwera cambuu, cidindo ca boma ciri pa phewa, ndipo adzukulu ao ang'ono-ang'ono anafunsa kuti mtsikana ameneyu ndani.